Buku landisowetsa tulo

Anzanga, ndamaliza buku lija ndinagula kwa mnyamata wogulitsa mabuku akale pa msika wa Nkhotakota. Ndalimaliza 2 koloko usiku, nyali ya foni mpaka kuzima.

Nkhani yake ndi ya mnyamata ndi mtsikana amene anakondana kalekale, imfa n'kuwalekanitsa, kenako anabadwanso m'matupi ena, dziko lina, n'kukumana osadziwana. Si kubadwanso kwa kutchalitchi kuja ayi, musandinamizire kwa abusa! Uku n'komwe amakhulupirira Ahindu ndi Abuda, kuti mzimu umabwerera.

Pomwe panandigwira mtima ndi pamene mtsikanayo akumva mnyamatayo akuimba nyimbo imene sanaimvepo, koma misozi ikungotsika. Ndinangoganiza za kwathu kuno. Nthawi ya Jumbe, mfumu ija yogulitsa akapolo kuno ku Nkhotakota, anthu ankakwezedwa m'zombo pagombe lomweli, kuwoloka nyanja, ulendo wa ku Kilwa, ku gombe la Tanzania, kukagulitsidwa. Ndi angati anasiya okondedwa awo akulira pamchenga? Madzulo ano ndadutsa pa mkuyu uja Livingstone anakumanirana ndi Jumbe, maganizo ali pomwepo.

Agogo nditawafotokozera angoseka. Akuti: "Nanga mwana wa achemwali ako tinamutcha dzina la malemu agogo ako aamuna chifukwa chiyani? Taona mmene amayendera!" Zoonadi, kamwanako kamatsimphina ngati iwo.

Chimene sindinakonde: mnyamatayo m'moyo wachiwiri ndi wolemera kwambiri. Bwanji osabwera ngati msodzi wa usipa wa ku Chia, tione ngati mtsikanayo akanamuzindikira?

Amene akulifuna abwere, koma masamba atatu omaliza anyowa ndi tiyi.