Zikomo nonse: usiku wathawu kwagwa mvula, ine ndagona

Usiku wathawu kuno ku Lunzu kwagwa mvula yamphamvu, ya mabingu, koma ine nkhani yake ndaimva m'mawa uno kwa ana. Ndinagona tulo osadziwa kanthu. Kwa ena iyi si nkhani, koma inu amene mumandidziwa mukumvetsa chifukwa chake ndakhala pakhonde pano ndikulemba, misozi ili mbwembwembwe.

Nkhawa ine sinandiyambe ndi namondwe wa Freddy. Ndinakula nayo. Malemu mayi anga ankandiuza kuti ndimalira maliro munthu asanadwale. Mwana akatsokomola kamodzi, mtima wanga umakhala utafika kale kuchipatala. Bambo a ana akachedwa kuweruka, ndinkaima pamsewu n'kumayang'ana minibasi iliyonse.

Tinkakhala ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, m'nyumba ya lendi. Usiku wa Lamulungu kuchera Lolemba pa 13 Marichi 2023, mvula itagwa osalekeza, magetsi atazima, tulo tinakana. Ndinkangotuluka ndi tochi kukasuzumira ngalande ya kuseri kwa nyumba. Ulendo wachinayi ndinapeza madzi asintha, akutsika ndi matope ndi timiyala. Ndinawadzutsa bambo, ndinawakakamiza mpaka anadzuka, tinatuluka ndi zovala za m'thupi zokha, wamng'ono ali kumsana. Tisanafike patali tinamva chimkokomo kuchokera kuphiri. Nyumba ija sitinaionenso. Namondwe uja anatenga miyoyo yoposa 1,000 m'dziko muno, anthu oposa 500,000 anasowa pokhala, ndipo ena mwa omwe anapita ndi amayi amene tinkaima nawo pamzere wa madzi m'mawa uliwonse. Mizimu yawo iuse mumtendere.

Tili kukampu, m'kalasi ya pasukulu, anthu ankandigwira dzanja n'kumati, “Nkhawa zanu zija zapulumutsa banja.” Ankanena zoona, komanso ankanena mwachikondi. Koma mawu amenewa anamera mizu mumtima mwanga. Ndinayamba kukhulupirira kuti ana anga ali moyo chifukwa ine sindigona, ndiye tsiku limene ndidzagone, wina adzafa. Kuda nkhawa ndinakusandutsa ntchito yanga, ulonda wosalandirana ndi munthu.

Zotsatira zake mukuzidziwa ena a inu. Kumwamba kukangoda, ana sindinkawalola kupita kusukulu. Bambo ali kuntchito yawo yomanga ndinkawaimbira foni mwina kakhumi dzuwa lisanafike pamutu. Akayankha, mtima unkakhala pansi kwa kanthawi kochepa chabe, kenako n'kuyambiranso. Akapanda kuyankha ndinkawalandira ndi mkwiyo madzulo, ndikumati alibe nafe ntchito. Nsima inkandikanika. Mwana wanga wamkazi wamkulu anasiya kundiuza akamva mutu, poopa kuti ndigwa nazo. Ichi ndi chimene chimandipweteka kwambiri mpaka lero: mwana wa zaka 11 kumabisa matenda kuti ateteze mayi ake.

Bambo a ana anga, ndiyambe ndi inu. Munataya zonse ngati ine, zipangizo zanu za ntchito zinakwiririka, koma munasenzanso ine pamwamba pake. Tsiku lija munandiuza kuti, “Mayi, ndatopa,” ndinaganiza kuti banja latha. Simunachoke. Munakaitana ankhoswe, osati kuti mukandisumire, koma kuti atithandize. Ndipo ndi inu amene munabweretsa nzeru yoti muziimba nokha nthawi ya nkhomaliro tsiku lililonse, ine ndizidikira. Masabata oyamba ndinkagwira foni manja akunjenjemera, koma simunaphonyepo ngakhale tsiku limodzi. Zikomo bambo.

Amalume ndi alamu anga, ankhoswe athu, munakhala pamphasa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Simunafunse kuti wolakwa ndani. Amalume, munangoti, “Mwanawe, ulonda umenewu anakupatsa ndani?” Ndinasowa choyankha, ndipo funso limenelo ndimadzifunsabe kumwamba kukachita mdima.

Apongozi anga, mayi, munasiya munda wanu ku Thyolo nthawi yopalira n'kudzakhala nafe mwezi wathunthu. Anthu ambiri okonda ankandiuza kuti ndisiye kuganiza kwambiri, ena ankati chikhulupiriro changa chachepa. Inu simunanenepo zimenezo. Mvula ikayamba usiku munkadzuka, n'kuyatsa mbaula, n'kundiuza kuti, “Gonani, lero ndilondera ndine.” Nthawi zina ndinkagona ola limodzi lokha, koma linali ola loyamba kulimvera kukoma chichokereni ku Chilobwe. Anthu amanena zambiri za apongozi, ine wanga anandilera kachiwiri.

Ndithokozenso anamwino amene ndinawapeza pachipatala chaching'ono tsiku limene ndinapita kukayezetsa BP chifukwa mtima unkangogunda. Mutandiyeza munatseka buku n'kundifunsa kuti ndimagona bwanji. Mzere unali wautali panja, koma munandimvetsera. Ndi inu munandifotokozera kuti munthu akapulumuka ngozi, thupi limatha kukhalabe tcheru ngati ngoziyo ikadalipo, ndipo si misala kapena kulodzedwa. Munanditumiza kwa mlangizi amene anandiphunzitsa kupuma pang'onopang'ono mantha akandigwira, komanso kulekanitsa nkhawa ziwiri: ija ili ndi chochita, ndi ija yongozungulira m'mutu. Yoyambayo ndimaimverabe. Ndi imene inatichititsa kufuna malo a pachidikha, kutali ndi phiri ndi mtsinje. Ndi imene imandichititsa kumvera pawailesi uthenga wa a zanyengo kamodzi madzulo, kamodzi kokha basi. Yachiwiriyo ndikuphunzira kuilola idutse.

Amayi anzanga a banki m'khonde, munandisungira malo miyezi yonse imene ndinalibe choponya, kenako munandibwereka mpamba wa mandasi. Malata asanu ndi limodzi a nyumba ino achokera m'mandasi amenewo. Amayi a kumpingo, zitenje ndi mapoto zija ndikugwiritsabe ntchito. Aphunzitsi a ana anga, munabwera kunyumba kudzafunsa m'malo mongowalemba kuti ajomba. Achimwene a ku Johannesburg, simenti yanu ili m'zipupazi. Ndi inu nonse amene munatipatsa ufa, bulangete, kapena munangondikumbatira pamsika osanena kanthu, Mulungu akubwezereni pamene munachotsapo.

Ana anga, pepani chifukwa cha masiku a sukulu amene ndinakubisirani m'nyumba. Iwe mwana wanga wamkulu, ukamva mutu uzindiuza. Ndine mayi ako, katundu ameneyo ndi wanga.

Sindinachiriretu. Chikwama chothawira pangozi chikadali kuseri kwa chitseko, muli mabuku a kuchipatala, ziphaso, tochi ndi zovala za ana. Bambo anati chikhale, sichilakwa kanthu. Koma m'mawa uno wamng'ono wandidzutsa akuti, “Amama, simunamve mabingu?” Ndatuluka panja, ndapeza mbiya zadzaza, nkhwani wa kuseri wadzuka, ana avala kale yunifolomu. Ndawaperekeza mpaka pamsewu, matope ali thoo m'mapazi, ndipo ndabwerera kudzakanda ufa wa mandasi.