Notisi ya wosunga katundu wathu ndi malipiro ake omaliza

Ine ndimawerengera malipiro a antchito pakampani yaing'ono. Pa 4 Malichi, wosunga katundu wathu anabwera ndi envelopu yopindika pakona, anaiika patebulo panga ndi manja awiri, maso ali pansi. Inali kalata yosiya ntchito. Ndisanaiwerenge n'komwe ndinalembapo deti, n'kusaina, n'kumupatsa kope lake. Deti limeneli n'lofunika chifukwa masiku a notisi amayambira pomwe kalata yalandiridwa.

Kenako ndinatsegula fayilo yake. Mgwirizano wa ntchito unkanena kuti amene akufuna kuthetsa ntchito, kaya bwana kaya wantchito, apereke notisi ya mwezi umodzi, apo ayi alipire ndalama za mwezi umenewo. Choncho tsiku lake lomaliza linali 3 Epulo.

Abwana atamva anapsa mtima. "Asiye makiyi lero lomwe, ndipo musamupatse kalikonse." Ndinadikira kaye kuti mtima uwatsike, ndipo masana ndinalowa ndi mgwirizano uja m'manja. Ndinati, "Bwana, mnyamatayu wapereka notisi yokwanira ndipo ali wokonzeka kuigwira. Mukamuchotsa lero, mwafupikitsa notisiyo ndinu, ndiye tiyenera kumulipira mpaka 3 Epulo ngakhale akhale kunyumba."

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka, ndipo zimandipweteka mtima ndikaona wantchito akulandidwa thukuta lake chifukwa cha mkwiyo chabe. Funso limakhala limodzi: wadula masikuwo ndani? Akanakhala iyeyo wachoka mawa lake osadikira, ngongole ya masiku otsalawo ikanakhala yake. Koma ngakhale zikatero, sungangogwira malipiro onse a munthu. Pangano la nambala 95 la bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO, la mu 1949, limati ndalama zodula pamalipiro zizidulidwa motsatira zimene malamulo a dziko kapena mgwirizano wa mabwana ndi mabungwe a antchito walola, komanso kuti ntchito ikatha munthu alandire zake zonse popanda kumuzengereza. Masiku amene wagwira kale ndi ake.

Abwana anakhala chete akugogoda tebulo ndi cholembera. Pomaliza tinagwirizana kuti agwire mpaka 14 Malichi, awerenge katundu limodzi ndi wolowa m'malo mwake, kenako apume ndipo masiku otsalawo alipidwe. Ndinalemba zimenezi papepala ndipo onse awiri anasaina. Zapakamwa zimaiwalika msanga ndalama zikafika.

Kuwerengera kwake ndinachita chonchi. Malichi ndinamuika wathunthu. Kuti ndipeze malipiro a tsiku limodzi ndinagawa malipiro a pamwezi ndi 22, popeza ndi mmene mgwirizano wathu umawerengera masiku ogwira ntchito, n'kuchulukitsa ndi masiku 3 a mu Epulo. Anali ndi masiku 7 a tchuthi amene sanapite. Abwana ankafuna kuti amenewa alowe m'masiku a notisi, koma mgwirizano sunkalola zimenezo popanda mwini wake kuvomera, ndipo iye anakana. Masikuwo ndinawalipira paokha, pamzere wawo papepala la malipiro. Ndinachotsa msonkho ndi gawo lake la penshoni monga mwa nthawi zonse, komanso ngongole yotsala imene anatenga, chifukwa panali pepala limene anasaina lolola kuti idulidwe akamachoka.

Pa 14 Malichi ndinamuitana. Ndinamukhazika pampando, tinayenda limodzi mzere uliwonse, iye akutsatira ndi chala. Atafika pa masiku a tchuthi anaima, anawerenga pa zala, n'kunena kuti ndi 8. Tinatsegula buku la tchuthi ndipo tinapeza kuti tsiku lina anali atalembetsa koma anabwera kuntchito chifukwa kunafika katundu. Ndinakonza pomwepo, ndinasindikizanso pepalalo, ndipo anasaina. Anapereka makiyi ndi buku la katundu, ine n'kumupatsa kalata yotsimikizira zaka zimene anagwira nafe ntchito.