Zipika za mbawa ndi kathirakitala: yezani musanadule

Mbawa yathu ya m'mphepete mwa dimba ku Namwera inagwa ndi mphepo ya mvula, ndipo ogula anayamba kufika masamba asanafote. Aliyense ankafuna mtengo wonse pomwepo, ndalama m'manja. Ndinakana. Munthu wogula mtengo uli chigonere amadziwa matabwa amene atulukemo, mwini wake ndiye sadziwa.

Ndinayamba ndi mapepala. Mbawa, mlombwa ndi tsanya ndi mitengo yotetezedwa, ndipo ngakhale itagwa yokha pamalo anu simungangoinyamula. Ndinapita kwa amfumu kuti achitire umboni kuti malowo ndi a banja lathu, kenako ku ofesi ya zankhalango. Mlangizi anabwera kudzaona chitsa ndi mizu yozuka, ndipo pambuyo pake ndinalandira chilolezo ndi chikalata chonyamulira. Lamulo la zankhalango la 1997 linakhwimitsidwa mu 2020, zilango zake si zamasewera, komanso kwathu n'kufupi ndi nkhalango ya Namizimu, choncho thabwa lililonse lotsika ku Mangochi boma limafunsidwa kumene lachokera.

Kenako ndinapeza munthu wa kathirakitala kakang'ono kokhala ndi loda kutsogolo, ndiye kuti mikono yachitsulo yonyamulira katundu. Pafoni anangoti, "Achimwene, musadandaule, kamanyamula hafu tani." Sananame, koma nambala imeneyo ili ndi nkhani yake. Opanga mathirakitala amayezera mphamvu ya loda pamapini pomwe baketi imalumikizana ndi mikono. Katundu akasunthira kutsogolo masentimita 50 okha, mphamvuyo imatsika kwambiri, n'chifukwa chake mabuku ena amalemba nambala ziwiri. Chipika sichikhala papini. Chimakhala pamafoloko, zitsulo zonga mano zoikidwa m'malo mwa baketi, patsogolo ndithu, ndipo mafolokowo nawo ali ndi kulemera kwawo kofunika kuchotsera. Ndinamupempha kuti ayang'ane nambala yachiwiriyo, ndipo tinagwirizana kuti tisapitirire makilogalamu 350.

Kulemera kwa chipika simufunika sikelo. Tengani tepi, muzungulize pakati pa chipikacho, muwerenge m'mamita. Nambalayo muichulukitse ndi iyo yomwe, kenako ndi 0.08, kenako ndi utali wa chipika. Zimene mwapezazo ndi makyubiki mita. Chigawo chapakati cha mbawa yathu chinali mamita 1.57 kuzungulira, ndiye kuti masentimita 50 m'mimba mwake. Pa utali wa mamita 3 chinapereka makyubiki mita 0.59. Mbawa youma imalemera makilogalamu 500 ndi kanthu pa kyubiki mita, koma yaiwisi yadzaza madzi, ine ndinawerengera 850 kuti ndisadzinamize. Chipika chimodzi, pafupifupi makilogalamu 500. Chikanakhala cha tsanya, amene amamira m'madzi, bwenzi tikunena zoposa 600.

Apa ndi pomwe ndalama zimatayikira. Dalaivala anati tidule zidutswa za mita imodzi ndi theka kuti ntchito ithe msanga. Kwa thirakitala zinali bwino, koma kalipentala wa zitseko ndi mafelemu amafuna thabwa loposa mamita 2, ndipo okhoma maboti kunyanja amafuna lalitali kuposa pamenepo. Chidutswa chachifupi chimathera ku timipando, mtengo wake n'kumayandikira wa paini ndi bulugamu. Mtengo wa chipika uli mu utali, kuwongoka, ndi kukula kwa mtima wake wofiira uja. Mbali yoyera ya kunja anthu saiwerengera kwenikweni chifukwa imafumbwa msanga. Ndinagogodanso thunthu lonse ndi msana wa nkhwangwa, chifukwa la mphako limalira ngati ng'oma, ndipo wogula akamva zimenezo amatsitsa mtengo nthawi yomweyo.

Tinagawa motere: zigawo za kumtunda, zochepa m'mimba, tinadula mamita 2.4, n'cholinga choti chilichonse chikhale pansi pa malire athu aja. Thunthu la kutsinde, lomwe ndi nyama yeniyeni ya mtengowo, sitinayese n'komwe kulinyamula. Ndinaitana ocheka matabwa kuti alichekere pomwepo, thirakitala n'kudzanyamula matabwa okhaokha.

Tsiku lonyamula, ndinaumirira kuti kumbuyo kwa thirakitala kukhale cholemera. Anamangirira khasu lake lolimira n'kusanjikapo matumba a mchenga. Popanda zimenezi matayala akumbuyo amapepuka, ndipo mabuleki a mathirakitala ang'onoang'onowa ali kumbuyo komweko. Chipika chilichonse ankayamba wachikweza pang'ono chabe, kaphazi kamodzi, n'kuima kaye. Chimodzi chonenepa chinapangitsa haidiroliki, makina okweza mikono ya loda, kulira mwa mluzu mikono osasuntha, tayala lakumbuyo n'kuyamba kusiya kampata pansi. Ndinakuwa kuti, "Tsitsani, achimwene!" Tinachigubuduzira pangolo ndi mitengo iwiri yotsamira komanso tcheni, ndipo chinakwera bwinobwino.

Poyenda, chipika chizikhala chomangidwa ndi tcheni ndiponso pafupi ndi nthaka. Mukachikweza m'mwamba chikhoza kugubudukira m'mikono ya loda mpaka pa dalaivala. Kwathu n'kwamapiri, ndiye potsetsereka ankayenda molunjika, katundu ataloza kumtunda, osadutsa cham'mbali. Ana amene anadzaza kudzaonerera ndinawathamangitsira kutali, ngakhale anandikwiyira. Kukoka pansi tinakupewa, chifukwa mchenga wolowa m'khungwa umabunthitsa sowo ndipo ocheka amadandaula nazo. Ngati palibe kuchitira mwina, tcheni chimangidwe pa chokokera chapansi chakumbuyo, osati pamwamba, kuopa kuti thirakitala ingadzuke n'kugwa chagada.

Kunyumba zipika tinazigoneka pamitanda, pamthunzi, kuti chiswe ndi chinyezi zisazipeze, ndipo kumapeto kwake tinapaka penti yakale kuti zisang'ambike ndi dzuwa. Matabwa tinawasanja ndi timitengo pakatipakati kuti mphepo izidutsa. Makalipentala awiri a ku boma abwera kale kudzawaona, koma ndawauza kuti tikambirana mtengo akauma, pa thabwa limodzilimodzi.