Thobwa la apongozi m'kombi ya ku Kuwadzana

Amene sanakhalepo mu Harare mwezi wa Juni amayesa kuti chisanu ndi cha ku Dedza kokha. Mzinda uno uli pamtunda, mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo ukatuluka m'nyumba 5 koloko m'mawa kukadikira kombi, minibasi ya kuno, kwathu ku Kuwadzana, makutu umachita kuwagwira kuti utsimikize ngati alipo. Ine ndimagwira ntchito pa kampani ina yosindikiza ku Graniteside, komwe tiyi amabwera 10 koloko. Maola onsewo m'mimba muli mphepo yokhayokha. Ndiye ndinati ayi, nanenso ndigule kapu ya fulasiki, ija yachitsulo yokhala ndi chivindikiro, ndizimwa khofi ndili pa ulendo.

Yoyamba ndinagula kwa mnyamata wina amene anayala katundu pa saka kufupi ndi Gulf Complex. Yonyezimira, yokhala ndi chogwirira, madola atatu basi. Mnyamatayo analumbira kuti khofi wothira m'mawa adzandiwotcha madzulo. Kuwotcha inawotchadi, koma inawotcha dzanja. Nditangothira madzi owira, kunja konse kwa kapu kunatentha moti ndinachita kuiveka sokosi kuti ndiigwire. Pofika pa siteji ya makombi ya Copacabana dzanja langa linali lofunda bwinobwino, khofi ali zii.

Lamlungu lotsatira ndinaitengera kwa amalume ku Mufakose. Amalume anabwera kuno ali mwana, atatengedwa ndi bambo awo m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chija chinayamba mu 1953 n'kutha mu 1963, ndipo moyo wawo wonse anagwira ntchito ya ukukhi m'nyumba za azungu ku Highlands. Za mafulasiki amazidziwa kuposa za abale awo. Anaitenga kapu ija, kuigogoda ndi chikhadabo, kuinunkhiza, kenako anandiyang'ana mwachisoni.

"Mphwanga, iwe wagula chitini chovala jekete."

Anandilongosolera kuti kapu yeniyeni imakhala ndi makoma awiri achitsulo, ndipo pakati pa makomawo anapopamo mpweya wonse, mulibe chilichonse. Kutentha kumafuna podutsa. Kukapeza mpweya kapena chitsulo, kumadutsa n'kuthawa. Kukapeza kuti palibe kanthu, kumatsala m'kati. Choncho kapu yabwino, ngakhale muli madzi owira, kunja kwake kumakhala kozizira, ndipo pothawira kutentha pamatsala pachivindikiro pokha. "Pogula," anatero amalume, "uthiremo madzi owira, utseke, udikire pang'ono, ugwire. Ikatentha kunja, isiye. Ukatero uizondotse pamwamba pa nsapato za wogulitsayo. Akadumpha, ndiye kuti akudziwa kuti imadontha. Uonenso kamphira ka m'chivindikiro ngati kamachoka, chifukwa litsiro lonse limabisala m'menemo."

Ndinadzawerenga pambuyo pake kuti nzeru imeneyi inachokera kwa James Dewar, katswiri wa sayansi wa ku Scotland, amene mu 1892 anapanga botolo la makoma awiri pofuna kusunga zinthu zozizira kwambiri m'ntchito yake, osati khofi. Anthu a ku Germany ndi amene anaona kuti pali ndalama n'kuyamba kugulitsa mabotolowa mu 1904 ndi dzina loti Thermos. Nditawauza amalume, anati munthuyo anali wanzeru ndithu, koma zikuoneka kuti analibe apongozi. Pa nthawiyo ndinangoseka nawo.

Yachiwiri ndinakagula m'sitolo yeniyeni m'tauni, nditanyamula madzi owira m'fulasiki yakale ya amalume. Mayi wogulitsa anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi pamene ndinkathira madzi m'makapu ake, koma nsapato zake sanazisunthe. Ndinasankha yakuda, ya mamililita 470, yolembedwa 18/8 kunsi kwake, kusonyeza mtundu wa chitsulo chosachita dzimbiri. Pachivindikiro panali kabatani: ukadina, pakamwa pake pamatseguka, ukadinanso pamatseka, mpweya osatuluka ngakhale pang'ono. Madola 18. Mayi akunyumba atamva mtengo anaika chikombe pansi.

"Madola 18, bambo? Kapu? Kodi imaphikanso nsima?"

Nsima sinkaphika, koma ntchito yake inkaidziwa. Kuno madzi amawira asanafike pa madigiri 100, amawira cha pa 95 chifukwa cha kukwera kwa malo, ndiye kutentha kotaya kulibe. Ndinkayamba ndathiramo madzi otentha kuti chitsulo chifunde, n'kuwataya, kenako khofi. Masiku oyamba lilime langa linasupuka, chifukwa khofi wa 5 koloko ankandiluma 9 koloko ngati wangochoka pamoto. Sindinadandaule. M'kombi ndinkaigwira mokweza pang'ono kuti anthu aione.

Zinthu zinasintha apongozi atabwera kuchokera ku Ntcheu. Anadzera ku Mwanza, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa muno pa Nyamapanda, ndipo anafika ndi katundu woti basi yonse inawadziwa: ufa woyera, usipa, nyemba, paketi ya khofi wa ku Mzuzu ya ine mkamwini wawo, ndi kathumba ka chimera cha mawere kamene anakasunga pamiyendo ulendo wonse. Atalawa mahewu a m'botolo a m'sitolo za kuno anati ndi phala la odwala. Pasanathe sabata anali ataphika thobwa. Anapanga phala la ufa, kulisiya lizizireko, kuthira chimera, kuvundikira usiku wonse, m'mawa kuliwiritsanso. Nyumba yonse inanunkhira kumudzi, ndipo ine ndinamwa makapu awiri ndikuwombera m'manja.

Zimene zinachitika Loweruka ndinazimva mochedwa. Apongozi anali ndi ulendo wopita ku msonkhano wa amayi a Mvano ku tchalitchi chathu cha CCAP, ndipo anafuna kunyamula kachakumwa ka panjira. Anaona kapu yanga yatsukidwa ili pa shelefu. Iwo thobwa amalikonda losasa, ndiye anatenga latsopano lofunda, kusakaniza ndi lotsala la dzana limene linali litayamba kale kuchita thovu, kuthira shuga wambiri, kudzaza mpaka pakhosi, n'kumanga chivindikiro ndi mphamvu za munthu wolima. Galimoto ya oyandikana nawo nyumba italiza hutala panja, anathamanga n'kuiiwala pomwepo.

Tsopano taganizani. Thobwa lofunda, la shuga, lokhala ndi mbewu yake ya kusasa, litatsekeredwa m'kapu imene ntchito yake ndi kusunga kufunda ndi kuletsa mpweya kutuluka. Tizilombo timene timasasitsa thobwa timadya shuga n'kumatulutsa mpweya, ndipo timakonda pofunda. Pachisanu cha Juni, m'chidebe cha pulasitiki, tikanagona. M'kapu ya madola 18 tinagwira ntchito usana ndi usiku, Loweruka lonse ndi Lamlungu lonse.

Lolemba m'mawa magetsi anali atathima, ine nditachedwa. Ndinalowa m'khitchini ndi tochi ya pafoni, ndikuganiza zoyatsa gasi, ndipo nditanyamula kapu ndinamva kuti ndi yolemera, yotseka kale. Mtima wanga unasungunuka. Ndinati taonani mkazi uyu, ankanyoza kapu yanga, lero wadzuka mumdima kundikonzera khofi. Ndinagwira kunja kwake, kuli kozizira, ndendende monga anaphunzitsira amalume. Ndinabwereranso kuchipinda kukanong'oneza kuti, "Zikomo kwambiri, mayi." Iwo ali m'tulo anangoti, "Mmm."

Kombi inali itadzaza, anayianayi pa mpando, ndiye hwindi, kondakitala wa kombi, anandikhazika pa Kadoma, paja pali kuseri kwa dalaivala pamwamba pa injini, pomwe umakhala chafutambuyo utayang'anizana ndi anthu onse. Mawondo anga analukana ndi a bambo wina wa suti yakuda amene anafumbata envelopu ya khaki pachifuwa, wooneka kuti akupita kukafunsira ntchito. Pambali pake panali namwino wa yunifolomu yoyera mbee, ndi mayi wina wa wigi yatsopano imene ankaisisita mphindi iliyonse. Maenje a mumsewu anatigwedeza kuyambira ku Kuwadzana, ndipo kapu inkagwedezeka nane limodzi, injini ikutifunditsa kunsi.

Titafika cha pa National Sports Stadium, mumsewu wa ku Bulawayo, ndinati nthawi yakwana. Ndinaikweza kapu mwaulemu wake wa masiku onse n'kudina kabatani. Kanakana. Ndinadinanso, kali gwaa. Ndinaika kapu pakati pa mawondo, pakamwa pake pataloza kutsogolo, n'kukanikiza ndi zala zazikulu zonse ziwiri.

Phuu!

Dalaivala anayesa tayala laphulika ndipo anaponda buleki. Mayi wa wigi anaitana Yesu. Thobwa linatuluka ndi ukali wa masiku awiri, linakamenya denga la kombi n'kugwera pamitu ya anthu mopanda tsankho, kuyambira mzere woyamba mpaka wakumbuyo. Bambo wa suti, poti anali pafupi, analandira gawo lake mwachindunji: pa tayi, pa kolala, pa magalasi. Envelopu anaipulumutsa poikhalira. Namwino anangotseka maso, madontho ofiirira a mawere akutsika pang'onopang'ono pa yunifolomu. Ndipo kapu sinaleke msanga. Inapitiriza kufwenthera thovu pa thalauza langa, ine ndikuyesa kuitseka ndi chikhatho, zomwe zinangopangitsa kuti lizituluka cham'mbali kulunjika kwa hwindi.

Kenako fungo linafika. Kombi yonse inayamba kuyankhula Chishona nthawi imodzi, ndipo mawu amene ndinkawamva mobwerezabwereza ndi akuti doro, kutanthauza mowa. Eti munthu wamkulu, Lolemba, 6 koloko isanakwane, wabisa mowa m'kapu ya mabwana. Ine ndi Chishona changa chopunduka ndinayesa kufotokoza kuti ameneyu ndi khofi, wandikonzera ndi mkazi wanga. Hwindi anachotsa kanjere ka chimera pamphuno pake, kukayang'anitsitsa, n'kufunsa kuti khofi ameneyu amalimidwa mbali iti ya Chipinge, komwe kumachokera khofi wa kuno.

Apa ndi pamene agogo ena a chipewa, amene anakhala phee kumbuyo, anapukuta tsaya ndi chala, kuchinyambita, n'kukhala kaye chete ngati akumvetsera. Atatero anayankhula Chichewa choyera.

"Mwana wanga, kumudzi n'kuti?"

"Ku Balaka, agogo. Koma apongozi ndi a ku Ntcheu."

Pakamwa panga panayankha mutu usanaganize, ndipo ndi pomwe ndinazindikira mwini wake wa khofi uja.

"Ndadziwa," anatero agogo. "Chimera cha mawere ichi, dzanja la ku Ntcheu. Ine wa ku Tsangano. Mwatsala kanthu m'menemo?"

Anatembenukira kwa anthu n'kuwauza m'Chishona kuti asandinamizire, umenewu si mowa, mowa ukanadzakhala Lachitatu. Anthu ena anaseka, namwino sanaseke. Kapu inayenda pamwamba pa mitu mpaka kumbuyo, ndipo agogo anapapira zotsalazo, kupukuta ndevu, n'kunditumizira uthenga wopita kwa apongozi woti shuga anachulukitsa pang'ono. Bambo wa suti ndinawapatsa mpango wanga ndi mapepesero onse amene ndimawadziwa m'zinenero zitatu. Hwindi anati kutsukitsa kombi ndi madola awiri, ndipo chenji cha ndalama yanga yokwerera sitinachikambenso.

Ku ntchito ndinafika ndikununkha ngati mtsuko. Palibe ananena kanthu, kupatula mnzanga wina wopemphera amene pa nthawi ya tiyi anandikokera pambali n'kundiuza mwachikondi kuti mavuto a m'banja sathera m'botolo.

Madzulo nkhani inavuta kakambidwe, chifukwa mkamwini sadzudzula apongozi. Ndinakhala pakhonde, iwo pamkeka chapatali, mayi akunyumba pakati ngati womasulira, ngakhale kuti ankalephera kumaliza chiganizo chifukwa cha phwete. Apongozi anamvetsera zonse mwachifatse: za suti, za wigi, za madola awiri.

"Ndiye lonse lija latayika? Ndi shuga yemwe uja?"

"Lotsala anamwa agogo ena a ku Tsangano, amayi."

"Anati bwanji?"

"Anati lakoma." Za shuga ndinazisiya.

Anagwedeza mutu mokhutira. Kenako anati kapu yosunga thobwa lamoyo chonchi kuyambira Loweruka sanaionepo, ndipo pobwerera ku Ntcheu angakonde kutenga yotere, ya kabatani yomweyo. Mayi akunyumba, omwe aja ankafunsa za nsima, anati imeneyo si nkhani, bambo awa agula.

Kapepala ka malangizo ndinakapeza m'katoni, kolembedwa timalemba tating'onoting'ono. Kanaletsa zakumwa za gasi, kanachenjeza za kusiyamo mkaka nthawi yaitali. Za thobwa sikananene chilichonse. Kutsuka ndiye kunandigwira ntchito. Chitsulo chinayera msanga ndi madzi ofunda ndi soda, koma kamphira kaja ndinakachotsa, kukanyika, kukatsuka ndi mswachi wakale, kukayanika padzuwa, komabe khofi wa ku Mzuzu mpaka lero amabwera ndi kafungo ka Ntcheu kumapeto kwake.

Kombi ija ndimakwerabe, poti ndiyo imanyamuka msanga. Hwindi akangondiona amatsekereza pakhomo ndi mkono, n'kundilozera ku ngalande ya m'mbali mwa msewu. Ndimapita, kulozetsa kapu kutchire, kudina kabatani anthu onse akuonerera pamawindo. Nthunzi ikatuluka mwamtendere, amafuula kwa dalaivala kuti lero ndi khofi, n'kundikhazika kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi windo losatseka.