Zikomo inu nonse amene munatipatsa magazi ndi kutiuza zoona

Kafukufuku woona mmene mankhwala a efavirenz, olimbana ndi kachilombo ka HIV, amayendera m'matupi mwa odwala muno mu Harare watha, ndipo ife a gulu lofufuza tikuthokoza.

Tiyambe ndi inu makolo ndi abale athu a ku Mbare, Highfield ndi Mufakose amene munalola kutengedwa magazi. Aliyense anapereka kamodzi kapena kawiri basi. Zotsatira za anthu ambiri zikaikidwa pamodzi mu NONMEM, pulogalamu ya pakompyuta, timatha kuwerengera liwiro limene thupi limachotsera mankhwala ndi kuona chimene chimasiyanitsa liwirolo pakati pa anthu. Mlingo ndi womwewo wa 600 mg, koma munthu amene anatengera kwa bambo ndi mayi omwe kusintha kwa jini (chidziwitso chobadwa nacho cholamula ntchito za thupi) ya CYP2B6 kotchedwa 516G>T, chiwindi chake chimagaya efavirenz pang'onopang'ono. Mankhwala amaunjikana kupitirira 4 mg pa lita imodzi ya magazi, munthu n'kumamva chizungulire ndi kulota maloto oopsa. Akachepera 1 mg, kachilombo kamapeza mpata wozolowera mankhwala. Kusintha kwa jiniku n'kofala kwambiri kuno kum'mwera kwa Africa, n'chifukwa chake mlingo woyesedwa pa anthu a kutali sitingangoulandira osaufufuza.

Anamwino, ntchito yolemetsa inali yanu. Efavirenz amamwa pogona, magazi n'kutengedwa m'mawa patapita maola pafupifupi 12, ndipo nthawi zonse ziwirizo munkazilemba. Chovuta kwambiri ndi wodwala amene wadumphitsa masiku koma akuopa kunena. Magazi ake amaonetsa mankhwala ochepa, kompyuta n'kumuyesa wa chiwindi chofulumira, chiwerengero cha gulu lonse n'kupotoka. Inu munkafunsa modekha, m'Chichewa kapena m'Chishona, osakalipa, anthu n'kumasuka. Sikelo ya wodwala, mankhwala a TB amene akumwa, ngakhale ngati anadya zonona asanamwe, pakuti mafuta amachulukitsa efavirenz wolowa m'magazi, zonsezo zinali papepala.

A mu labotale, zikomo polekanitsa plasma (gawo lamadzi la magazi) msanga ndi kuisunga pa -80°C, komanso pothamangira jenereta magetsi akazima.

Odwala ambiri tsopano ali pa dolutegravir, mankhwala ena a HIV, amene kwa wodwala womwanso rifampicin (mankhwala a TB) amafunika kumwedwa 50 mg kawiri pa tsiku. Njira yomweyi tiigwiritsanso ntchito pamenepo, koma tisanatero tibwera ku makiliniki kwanu kudzakufotokozerani zimene tapeza m'chinenero chathu.