Ya 150 yafika pati: mpweya wachuluka, mafuta ndiwo akuperewera

Njinga yanga ya 150cc, ya injini ya mtundu wa CG, pano ikuyenda yopanda bokosi la air cleaner. Ndamangirira kafyuluta kozungulira kasiponji pakamwa penipeni pa kabuleta, bokosi lija lili pa shelefu. Kulira kwasintha ndithu, ukatsegula moto imachita kubangula mpaka ana a pamsewu kutembenuka. Liwiro ndiye ayi. Itangochoka pa sitandi inkakoka mozengereza, ukapotokola moto mwadzidzidzi inkatsamwa kaye kenako n'kudumpha, ndipo potsika mtunda ekizozi inkaphulika pha! pha! Pokwera chitunda cha ku Dedza ndili pa giya yaikulu ndinamvanso kaphokoso kena m'mutu mwa injini, kothetheka, kachitsulo.

Anzanga a pa siteji ya kabaza atamva kaphokosoko anagamula msanga: petulo wathuyu ndi wofooka, gula kabotolo kowonjezera octane. Sindinagule, ndipo chifukwa chake ndicho ndikufuna kulemba lero.

Octane si mphamvu ya mafuta. Ndi muyeso wa mmene petulo amapiririra kupanikizidwa ndi kutentha osaphulika yekha. Pulagi ikayatsa, moto umayenera kuyenda bwinobwino kudutsa m'chipinda chonse. Mafuta amene ali kumapeto akatopa kudikira n'kudziphulikira okha, ndiye kaphokoso kaja, ndipo kakapitirira kamadya pisitoni. Nambala imachokera ku mankhwala awiri oyezera: iso-octane anapatsidwa 100, heptane anapatsidwa 0. Njinga za mpikisano zopanikiza 12 kapena 13 kwa 1 zimafunadi octane wokwera. Tinjini tathu ta CG timapanikiza cha m'ma 9 kwa 1, ndipo tinapangidwira petulo wamba wa m'mayiko ngati athu ano. Fyuluta siisintha kupanikiza kumeneku ngakhale pang'ono.

Chimene fyuluta yasintha ndi kasakanizidwe. Petulo weniweni amapsa bwino pa magawo 14.7 a mpweya ku gawo limodzi la mafuta, poyeza kulemera. Kabuleta yanga, PZ27, ilibe kompyuta yoti iziwerengera. Majeti ake, timabowo toyeza mafuta olowa mu injini, anasankhidwa bokosi lija lilipo, likutchinga mpweya pang'ono ndi kuthandiza kukoka mafuta. Bokosi litachoka, mpweya ukulowa mwaufulu, kukoka kwachepa, mafuta akubwera ochepa. Zili ngati kukupiza mbaula: moto umalusa, chitsulo chimafiira. Injini yozizira ndi mphepo yokha ikatentha chonchi, ngakhale petulo wabwino amayamba kuthetheka. Pulagi inatuluka yoyera mbee, chizindikiro choti mafuta akuchepa. Nditayesa kukoka choki pang'ono ndili paulendo, njinga inayamba kukoka bwino, umboni woti ikulira mafuta, osati octane.

Pali china chimene ambiri amene amaonera mavidiyo a kunja pa YouTube amaiwala. Petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol, ndipo zimenezi zinayamba kale, mu 1982, fakitale ya ETHCO itatsegulidwa ku Dwangwa; pambuyo pake kunabwera PressCane ku Chikwawa. Ethanol ali ndi octane wopitirira 100, choncho pa nkhani ya kuthetheka amatithandiza. Koma ali ndi okosijeni m'kati mwake, amapsa bwino pa 9 kwa 1, kutanthauza kuti amafuna jeti yotsegukirapo. Ukaphatikiza ethanol ndi fyuluta yotseguka wachotsa mafuta kawiri. Amachititsanso pulagi kuoneka yoyererapo kuposa mmene mabuku akale amanenera, ndiye mtundu wa pulagi ndikuuwerenga pamodzi ndi kamvekedwe ka injini, osati pawokha.

Ndipotu kuno kusankha kwake n'kuti? Ukafika pa filing'i siteshoni pampu ya petulo ndi imodzi. Anzathu a ku Joni ndiwo amasankha pakati pa 93 ndi 95, ndipo 93 amagulitsidwa kumtunda ngati ku Johannesburg chifukwa mpweya wa kumeneko ndi wopepuka, injini siipanikiza kwambiri. Mukaona wa ku America akunena 87 musaganize kuti ndi mafuta oipa, amawerenga mwa njira ina. 87 wawoyo ali cha pa 91 pa muyeso wa RON, umene amawerengera 93 ndi 95 aja. Kusankha kwenikweni kwa ife ndi pakati pa pampu ndi chigubu. Mafuta akasowa, wa m'zigubu uja nthawi zina amakhala wothiridwa parafini, ndipo parafini ndiye amagwetsadi octane pansi. Injini ikayamba kuthetheka mutangothira wa m'mbali mwa msewu, musavutike ndi majeti, khuthulani thanki.

Tsono zimene ndachita. Ndayamba ndi main jet, imene imalamula kuyambira pa magawo atatu mwa anayi a moto mpaka kumapeto. Ndakhala ndikukweza saizi pang'onopang'ono mpaka njinga itayamba kulemera ndi kubwebweta pamwamba, kenako ndabwerera kumbuyo sitepe imodzi. Singano ya mu kabuleta, yolamula mafuta moto ukakhala pakati, ndaikweza potsitsa kakilipu kake mzere umodzi, kutsamwa kwa pakati kuja kwatha. Kasikuluu ka mafuta a pa idling ndakamasula pang'ono, kuphulika kwa ekizozi kwachepa ngakhale sikunatheretu. Paipi yopumira injini, imene inkalowa m'bokosi lija, ndaiika kafyuluta kake kuti isamamwe fumbi. Dedza ndakweranso, kaphokoso kaja sikanamveke, petulo ndi yemwe uja wa pa pampu.

Mayeso enieni ali ku Salima. Lilongwe ili pa mamita pafupifupi 1,050 pamwamba pa nyanja yamchere, Dedza cha pa 1,600, pomwe Nyanja ya Malawi ili pansi pa 500. Mpweya umapepuka ndi gawo limodzi mwa magawo khumi pa mamita 1,000 aliwonse, ndiye kabuleta yochunidwa kuno ku Lilongwe ikatsikira kunyanja imalandira mpweya wolemererapo, kuwonjezera kutentha kwa Okutobala. N'chifukwa chake ndaisiya yolemerera mafuta pang'ono. Bola kutaya kapetulo kusiyana ndi kuboola pisitoni.

Kodi phindu lilipo? Pamwamba ikukoka momasukirapo, zoona, koma ndi zochepa moti wina atakwera osauzidwa sangazindikire. Petulo ikumwa wochulukirapo. Chondidetsa nkhawa ndi fumbi. Siponji iyenera kunyowetsedwa ndi oyilo n'kufinyidwa, apo ayi fumbi la m'misewu ya ku Area 25 lilowa molunjika kukapala silinda, ndipo ikuda msanga moti kuchapa kwasanduka ntchito ya Loweruka lililonse. Wa kabaza amene njinga ndiyo munda wake sindingamulangize zimenezi. Bokosi la ku fakitale ndi siponji yoyera zimukwanira.

Mvula ikayamba mu Novembala kafyuluta aka kadzakhala pamtetete, kakumwa madzi a tayala lakumbuyo. Ndikupanga kachishango ka lata kokatchingira. Kakakanika, bokosi libwerera pamalo pake pamodzi ndi majeti akale, amene ndawasunga m'kabotolo kolembedwa manambala.