Zikomo kwa onse amene munatigwira mkono pa heat equation

Zolemba za gulu lathu la masamu, zofotokoza heat equation (lamulo la masamu losonyeza mmene kutentha kumafalikira m'chinthu) m'njira ya constructive mathematics, zatha tsopano. Tikuthokoza kuchokera pansi pa mtima inu nonse amene munaziwerenga pensulo ili m'manja.

Aphunzitsi athu, zikomo pokana tsamba lachitatu. Umboni wa pamenepo unkati mwa mayankho ongoyerekeza tingasankhemo subsequence (mndandanda wa ena mwa mayankhowo) yokafika pa yankho lenileni. M'masamu a masiku onse zimenezi n'zololedwa, koma njira ya constructive mathematics imene katswiri wa masamu Errett Bishop anaikhazikitsa mu 1967 imati ukanena kuti chinthu chilipo, usonyeze kapezedwe kake ndi malire a cholakwa. Mfundo yosankhira subsequence yotereyi, yotchedwa compactness, siuza munthu mayankho oti asankhe, kapena poti aimire.

Munatibweza ku Fourier series, njira yolemba yankho ngati chiphatikizo cha magawo ooneka ngati mafunde, ndipo munachita bwino. Tengani ndodo yachitsulo yotalika 1, kutentha kwa nsonga zake zonse kuli pa 0, kutentha koyambira kuli pakati pa 0 ndi 1, ndipo α, nambala yosonyeza kufulumira kwa kufalikira kwa kutentha, ndi 1. Pa nthawi t, gawo la n limachepetsedwa polichulukitsa ndi e^(−n²π²t), ndipo coefficient yake (kukula kwake koyambira) siposa 2. Pa t = 0.1 chochepetsacho ndi 0.37 pa gawo loyamba, 0.019 pa lachiwiri, 0.00014 pa lachitatu, 0.00000014 pa lachinayi. Choncho magawo atatu okha akukwana, cholakwa osafika ngakhale 0.000001. Povuta m'pamene t ikuyandikira 0: magawo akumbuyo sachepa msanga, ndiye pamafunika modulus of continuity ya kutentha koyambira, ndiko kuti muyeso wa mmene kutenthako kungasinthire pa mtunda waung'ono. Kungonena kuti ndi continuous (sikudumpha mwadzidzidzi) sikuthandiza.

Anzathu a pa kompyuta, inunso zikomo potulukira chimene chinkachititsa manambala kulumphalumpha, apa pamwamba apa pansi. Explicit scheme, njira yowerengera sitepe yotsatira kuchokera pa yapitayo, imafuna kuti r = αΔt/Δx² isapitirire 1/2, pamene Δt ndi sitepe ya nthawi ndipo Δx ndi sitepe ya mtunda. Ndi Δx = 0.1, Δt iyenera kukhala 0.005 kapena kuchepera apo. Pulogalamu yathu inali ndi 0.006, kutanthauza r = 0.6, ndipo kacholakwa kakang'ono kankachulukitsidwa ndi pafupifupi −1.34 pa sitepe iliyonse. Pakutha pa masitepe 50 kamakhala katakula kuposa ka 2 miliyoni.

Sitikuiwala mayi amene anatichenjeza kuti tisasamutsire mfundozi ku wave equation (lamulo la kayendedwe ka mafunde) mwachisawawa. Akatswiri a masamu Pour-El ndi Richards anasonyeza mu 1981 kuti m'madayimenshoni atatu poyambira pakhoza kukhala computable (potheka kuwerengedwa ndi kompyuta) koma yankho pa t = 1 osakhala computable. N'chifukwa chake mutu umenewo tauika padera, ndipo tidzaulemba mu Sobolev spaces, njira ina yoyezera kusalala kwa mayankho. Mayi, tathokoza kwambiri.